Funsani Tikuyankheni: Chisanu cha Pansi pa Nyanja ndi Zovala za Obira M'madzi

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo onse akukhudza zimene munthu ayenera kuvala akamabira pansi pa madzi, kaya atabereka silinda ya mpweya kumsana kapena akungodalira mpweya wa m'mapapo mwake. Makalatawo tawafupikitsa, koma mfundo zake sitinazisinthe.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mnyamata wa ku Bembeke, ndipo mu Julaye ndikupita ku Cape Maclear kukaphunzira kubira ndi silinda ya mpweya, pofuna kuti ndidzapeze ntchito yoperekeza alendo okaona nsomba za mbuna. Aphunzitsi andiuza kuti ndizikavala chovala cha labala chotchedwa wetsuit. Koma ine ndinakulira kumene m'mawa wa mu Juni udzu umakutidwa ndi chisanu, ndipo ndimasamba madzi a pachitsime osatenthetsa. Madzi a kunyanja kwa ine ndi ofunda. Kodi chovalachi n'chofunikadi, kapena ndi njira yongochulukitsira ndalama zolipira? Ndine Ngozo, ku Bembeke.

YANKHO: A Ngozo, chovalacho n'chofunika, ndipo tikukupemphani kuti mukawamvere aphunzitsi anuwo. Chimene munazolowera ku Bembeke ndi mphepo yozizira, ndipo mphepo ilibe mphamvu yolanda kutentha kwa thupi ngati imene madzi ali nayo, pakuti kutentha kumadutsa m'madzi mosavuta pafupifupi maulendo 25 kuposa mmene kumadutsira mumpweya. Kusamba pachitsime kumatha m'mphindi zowerengeka, kenako mumadzipukuta, n'kuvala juzi, n'kuyamba ntchito. Wobira ndi silinda amakhala m'madzi mphindi 40 kapena ola lathunthu, thupi lonse ndi mutu womwe zitazingidwa ndi madzi, ndipo pa tsiku la maphunziro amatha kulowa kawiri kapena katatu.

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri 37. Madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi amasinthasintha pakati pa madigiri 24 ndi 29 malinga ndi nyengo, pamene a pansi kwambiri amakhala cha m'ma 22. Polowa m'madzi oterewa munthu samva kuwawa kulikonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizikira, chifukwa ngakhale madzi a madigiri 27 ndi ozizira kuposa thupi ndi madigiri 10, choncho kutentha kumangotuluka pang'onopang'ono koma mosalekeza. Madzi ozizira kwambiri amachenjeza munthu nthawi yomweyo, iye n'kuthawa. Madzi a nyanja yathu sachenjeza, ndipo munthu amadzazindikira kuti wazizidwa zala zitayamba kale kukanika kumanga lamba.

Mwezi umene mwasankhawo ndi wa mwera. Mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera, n'kukankhira madzi ofunda a pamwamba cha kumpoto, ndipo kummwera kwa nyanja, komwe kuli Cape Maclear, madzi ozizirirako a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Ndiye kuti mukaphunzira m'nyengo imene madzi a kumeneko amakhala ozizira kuposa miyezi ina yonse. Palinso zinthu ziwiri zimene osambira pamwamba sakumana nazo. Wobira amaphunzitsidwa kuyenda mofatsa, manja atapinda, kuti mpweya wa m'silinda usathe msanga, motero minofu yake sipanga kutentha kwambiri ngati ya munthu amene akupalasa madzi mwamphamvu. Komanso mpweya wa m'silinda ndi wouma, ndipo umazizira ukamatuluka mmene unapanikizidwa, kotero kuti pa kupuma kulikonse thupi limawononga kutentha kwake poufunditsa ndi kuunyowetsa.

Wetsuit imapangidwa ndi labala wochita kupanga wotchedwa neoprene, amene anatulukiridwa ku kampani ya DuPont ku America mu 1930. Nzeru yomugwiritsa ntchito ngati chovala cha obira m'madzi imatchulidwa kuti inachokera kwa katswiri wa sayansi Hugh Bradner wa ku University of California ku Berkeley, amene anakonza chovala chotere mu 1952. Mkati mwa labalayu muli timatumba ta mpweya tosawerengeka, ting'onoting'ono, totsekeka, ndipo timeneti ndi timene timatchinga kuti kutentha kwa thupi kusathawire m'madzi. Ambiri amaganiza kuti chimafunditsa munthu ndi madzi amene amalowa pakati pa khungu ndi chovalacho. Zoona zake n'zakuti madzi amenewo thupi limachita kuwatenthetsa ndi mphamvu zake, ndipo phindu limakhalapo pokhapokha madziwo akakhala ochepa komanso osasinthana ndi a kunja. N'chifukwa chake chovala chokhwepa, ngakhale chikhale chochindikala bwanji, chimagonja kwa chopyapyala chimene chagwira thupi bwino.

Kuzama kumachepetsanso mphamvu ya chovalachi. Pa mamita pafupifupi 10 aliwonse amene munthu watsika, madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse wa mumlengalenga, ndipo timatumba tija timafinyika, chovala n'kupyapyala. Mukadzafika pa mamita 18, omwe ndi malire a satifiketi yoyamba ya obira, mudzamva kuti chovala chimene chimakufunditsani pamwamba chafooka, ndipo mudzaonanso kuti thupi layamba kulemera, chifukwa timatumba tomweto ndi timene timathandiza munthu kuyandama.

Kunena mosapita m'mbali, ife tikulangiza chovala chofika m'mikono ndi m'miyendo, chochindikala mamilimita 3, pa miyezi yambiri ya chaka. Chachifupi cholekeza m'mawondo ndi m'zigongono chingakwanire m'miyezi yotentha kwa munthu wolowa kamodzi kokha. Koma kuyambira Juni mpaka Ogasiti, makamaka kwa munthu wochepa thupi kapena woperekeza alendo amene amalowa m'madzi tsiku ndi tsiku, chofunika ndi cha mamilimita 5, kapena cha mamilimita 3 chokhala ndi kamalaya kena ka neoprene mkati kolumikizana ndi chipewa. Chipewacho musachinyoze ngakhale chimaoneka chachilendo panyanja yotentha, pakuti mitsempha ya magazi ya pamutu sifinyika kwambiri pozizira ngati ya m'manja ndi m'mapazi, choncho mutu wosavala umapitirira kutaya kutentha. Mukasintha chovala, muziyezanso mtovu wa pa lamba, chifukwa chochindikala chimafuna mtovu wambiri kuti munthu amire, pamene madzi opanda mchere ngati athuwa amafuna wocheperako poyerekeza ndi a kunyanja zamchere.

Zizindikiro za kuzizidwa muzizidziwa: kufuna kukodza pafupipafupi, kupuma mofulumira kotero kuti silinda imatha msanga, zala kuuma, ndi maganizo kuyamba kuchedwa. Obira ali ndi chizindikiro chouzirana zimenezi pansi pa madzi: munthu amapingasa manja pachifuwa n'kumasisita mikono yake, ndipo mnzake amadziwa kuti nthawi yokwera yakwana. Kunjenjemera kosalekeza kukayamba, ulendowo watha, ngakhale m'silinda mutatsala mpweya wambiri. Mukakwera m'boti, musakhale ndi chovala chonyowacho pamphepo, chifukwa chimachita ngati mtsuko wadothi umene umaziziritsa madzi ake pamene chinyezi cha kunja kwake chikuuma. Vulani mbali ya kumtunda, dzipukuteni, valani jekete yosalowa mphepo ndi chipewa cha ubweya, ndipo mumwe tiyi wa shuga. Juzi lanu la ku Bembeke lija lidzagwira ntchito pamenepo.

FUNSO: Ndimagulitsa kaunjika ku Ntcheu, ndipo m'belo lina ndapezamo zovala za labala zinayi, china cholembedwa 3/2. Mlongo wanga amagwira ntchito kunyanja ndipo akufuna chimodzi. Ndingadziwe bwanji chabwino? Ndine Nabanda, ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi Nabanda, mwatola chinthu chosowa, chifukwa zovala zimenezi zatsopano zimachokera kunja ndipo mtengo wake ndi wokwera. Manambala a 3/2 akutanthauza kuti pachifuwa ndi kumsana labalayo ndi wa mamilimita 3, pamene m'mikono ndi m'miyendo ndi wa mamilimita 2. Zambiri zolembedwa motero anazipangira anthu ochita masewera a pamafunde, ndipo labala wake ndi wofewa kuti mikono izitambasuka momasuka, koma amafinyika msanga munthu akatsika pansi. Kwa wobira pafupi, m'miyezi yotentha, chikhoza kuthandiza ndithu.

Poyeza, tsinani labalayo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, makamaka m'mawondo, m'mapewa ndi kumbuyo kokhalira. Wamoyo amabwerera m'malo mwake nthawi yomweyo. Amene watsala wophwatalala, wouma ngati chikopa, kapena wong'aluka timing'alu mukamupinda, ndiye kuti timatumba take ta mpweya tinaphwanyika kale, ndipo chovalacho chatsala dzina lokha. Kenako chitembenuzeni, muchikweze padzuwa n'kuyang'ana m'misoko, chifukwa paliponse pamene kuwala kukudutsa, madzinso adzadutsa. Zipi ikoke bwino kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo mizere yozama imene imabwera chifukwa chopanikizidwa m'belo muyione ngati malo ofooka.

Koma chachikulu ndi chakuti alongo anuwo abwere adzayese okha, musawatumizire mongoyerekeza. Chovala chigwire khosi, mikono ndi akakolo popanda mpata, ndipo pasakhale thumba la mpweya m'khwapa, pakati pa miyendo kapena pamsana cha m'chiuno, pakuti m'malo amenewa ndi mmene madzi ozizira amazungulira. Nthawi yomweyonso iwo athe kupuma mokoka, kukweza manja pamwamba pa mutu ndi kunjuta. Chothina mpaka kubanikitsa pachifuwa kapena kufinya khosi n'choopsa kuposa chokhwepa. Ngati chikuvuta kulowetsa phazi, avale jumbo kuphaziko, ndipo lidzatsetsereka mosavuta popanda kung'amba labala ndi zikhadabo.

Akachigwiritsa ntchito, azichitsuka ndi madzi ozizira oyera, n'kuchiyanika pamthunzi chitatembenuzidwa, chifukwa dzuwa limaumitsa neoprene. Asachipachike pawaya wopyapyala amene angadule m'mapewa, asachisite, ndipo chisakhudzane ndi petulo kapena palafini wa m'boti. Pong'ambika pang'ono amamata ndi guluu wa neoprene. Muwauzenso kuti chovalachi chimalowa madzi, choncho sichiteteza ku likodzo, ndipo munthu wokhala m'madzi a m'mphepete mwa nyanja kawirikawiri aziyezetsa kuchipatala, kumene mankhwala ake a praziquantel amapezeka. Timalaya topyapyala tonyezimira timene timapezekanso m'mabelo otere timangoteteza ku dzuwa ndi ku zokala za miyala, ndipo musatigulitse ngati tofunditsa.

FUNSO: Ndine msodzi wa ku Mtakataka. Ukonde ukakodwa m'miyala, anyamata anga amabira kukaumasula, nthawi zambiri m'bandakucha, ndipo amatuluka mano akugogoda. Ena amati azivala juzi ndi buluku la jinzi polowa, ena amati kachasu pang'ono amafunditsa. Zoona ndi ziti? Ndine Phiri, ku Mtakataka.

YANKHO: Bambo Phiri, nzeru ziwiri zonsezo zikhoza kukuphetsani ana. Juzi ndi jinzi zimafunditsa pamtunda chifukwa zimasunga mpweya pakati pa ulusi wake, koma zikanyowa mpweyawo umachoka, madzi n'kumadutsa momasuka, ndipo zimamangirira miyendo ndi mikono ya wosambira. Choopsa koposa n'chakuti mabatani, malamba ndi ulusi wa juzi zimakodwa mu ukonde, ndipo munthu amene wangogwira mpweya m'chifuwa alibe nthawi yodzimasula. Ngati mungakwanitse, afunireni ngakhale kamalaya ka neoprene kopanda mikono, kosalala, kogwira thupi, chifukwa kufunditsa chifuwa ndi msana kokha kumathandiza kwambiri. Wobira azikhala ndi kampeni kodulira ukonde, ndipo pamwamba pazikhala mnzake amene ntchito yake ndi kumuyang'anira basi.

Za kachasu, munthu amamvadi kutentha akamwa, koma chimene chachitika n'chakuti mowa watsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda a mkati n'kuthamangira kunja kumene madzi ndi mphepo zimawaziziritsa. Khungu limamva kufunda pamene mtima ndi ubongo zikuzizira, ndipo mowa womwewo umachepetsa kunjenjemera, komwe ndi njira ya thupi yodzipangira kutentha, n'kusokonezanso nzeru za munthu wofunika kudziwa nthawi yokwera.

Mnyamata akatuluka mano akugogoda, m'vuleni zonyowa, m'pukuteni, m'fundikeni bulangete mpaka kumutu, ndipo mum'khazike pamalo osawomba mphepo. Ngati ali maso bwinobwino ndipo akutha kumeza, m'patseni tiyi kapena phala lotentha la shuga. Asalowenso m'madzi tsiku limenelo mpaka atafundiratu. Koma mukaona kuti wayamba kulankhula mosokoneza, akudzandira, akuwodzera, kapena wasiya kunjenjemera chikhalirecho thupi lili zii, dziwani kuti kutentha kwa mkati kwatsika mpaka pansi pa madigiri 35, ndipo zafika poopsa. M'gonekeni, mum'nyamule mosamala osam'gwedeza, musam'tikite mikono ndi miyendo kapena kum'yandikizitsa pamoto waukulu, ndipo mufulumire naye kuchipatala.

FUNSO: Mwana wanga ali ku Cape Town ndipo akuti akuphunzira ntchito ya pansi pa madzi. Walemba kuti kumeneko ena amavala chovala chosalowa madzi n'komwe. Kodi chimenechi sichingakhale chabwinonso kunyanja kwathu kuno? Ndine Maseko, ku Tsangano.

YANKHO: A Maseko, chimene akunenacho ndi drysuit. Chimatseka m'khosi ndi m'mikono ndi labala wogwira khungu, chili ndi zipi yosalowa madzi, ndipo wobira amapopera mpweya mkati mwake kuchokera m'silinda. Chimene chimafunditsa kwenikweni ndi zovala za mkati, zimene zimakhala za ubweya kapena za ulusi wochita kupanga umene susunga thukuta. Za thonje sizifunika, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimazizira pakhungu. Ku Cape Town n'chomveka, chifukwa madzi a mbali ya Atlantic amaziziritsidwa ndi madzi ozizira oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela, ndipo nthawi zambiri amatsikira pansi pa madigiri 15. Panyanja yathu n'kuwononga ndalama chabe, ndiponso munthu akhoza kukomoka ndi kutentha ali m'boti asanalowe m'madzi. Mwana wanuyo mumulimbikitse kuti asachivale asanaphunzitsidwe, popeza mpweya ukathawira kumapazi umatembenuza munthu chadodolido n'kum'kweza mwaliwiro loopsa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa pasukulu ina pa boma la Dedza, ndipo ndili ndi satifiketi ya obira. Ndimakonda kupita ku Cape Maclear Lachisanu, kubira Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, n'kubwerera masana omwewo kudzera ku Golomoti ndi ku Khwekhwerere. Ndimafika kunyumba nditazizidwa komanso nditatopa kwambiri, ndipo ndimathamangira kusamba madzi otentha. Kodi ndigule chovala chochindikala? Ndine Najere, ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, chovala chochindikalako chikuthandizani, ndipo zimene talangiza a Ngozo zikukhudzanso inu, koma kalata yanu yatidetsa nkhawa pa chifukwa china chachikulu. Monga munaphunzirira, munthu akamapuma mpweya wa m'silinda pansi pa madzi, mpweya wina wa m'menemo wotchedwa nayitirojeni umalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo umatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri munthuyo atavuuka. Kupanikiza kwa kunja kukachepa msanga, mpweya umenewu umapanga thovu m'thupi, ndipo amenewa ndiwo matenda otchedwa decompression sickness, amene obira amawaopa kwambiri.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja zamchere, ndipo chifukwa chakuti ndi kupitirira mamita 300, pamene obira amayambira kuwerengera malo kuti ndi okwera, kompyuta yanu ya pamkono yoyeza kuzama ndi nthawi iyenera kudziwa kale kuti mukubira pamalo okwera. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600. Mukanyamuka ku Golomoti n'kuyamba makhota a Khwekhwerere, galimoto imakukwezani mtunda wautali m'kanthawi kochepa, ndipo pofika kunyumba mumakhala mutakwera mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene munavuukira. Thupi silisiyanitsa ngati lakwezedwa ndi ndege kapena ndi minibasi. Bungwe loona za chitetezo cha obira la Divers Alert Network limalangiza kuti munthu adikire maola osachepera 12 asanakwere ndege ngati wabira kamodzi kokha mosapitirira malire a kuzama ndi nthawi, ndi maola osachepera 18 ngati wabira kangapo kapena masiku otsatizana. Ife tikuona kuti munthu wobwerera ku Dedza, ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano ayenera kutsata muyeso womwewo, ndipo ulendo wanu wa Loweruka ndi Lamlungu ukugwera pa maola 18 aja.

Kuzizidwa kumakulitsa vutoli. Wobira amayamba ali wofunda, magazi akuyenda bwino, choncho nayitirojeni amalowa mosavuta. Pofika nthawi yokwera amakhala atazizidwa, mitsempha ya m'mikono, m'miyendo ndi pakhungu itafinyika, ndipo mpweya uja umachedwa kutuluka. Apa ndi pamene tikunena kuti chovala muzichisankha poganizira mphindi zomaliza za ulendo womaliza, osati mmene madzi akumvekera polowa m'mawa. Madzi otentha kwambiri osamba mutangovuuka kumene si abwinonso, chifukwa kutenthetsa khungu mwadzidzidzi kungathandize thovu kupangika. Dzifunditseni ndi zovala zouma ndi zakumwa zotentha, ndipo kusamba kudikire maola angapo, madzi ake akhale ofunda chabe.

Kutopa kumene mwatchula kukhoza kukhala kwa kuzizidwa ndi ulendo, koma kutopa kodabwitsa kulinso m'gulu la zizindikiro za matendawa, pamodzi ndi kuphwanya m'mapewa, m'zigongono kapena m'mawondo, dzanzi, kuyabwa ndi mawanga pakhungu, chizungulire, ndi kufooka kwa miyendo. Zoterezi zikadzaoneka, musadzadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, mukawauze madokotala kuti munabira ndi silinda, kuzama kwake ndi nthawi imene munavuuka, chifukwa chithandizo choyamba ndi mpweya wa okosijeni ndipo kumapiri kuno si onse amene angaganizire za matenda a obira mukapanda kunena. Musanabirenso, kafotokozereni dokotala za kutopa kumeneku.

Pa dongosolo la ulendo wanu, malizani kubira Loweruka masana, Lamlungu m'mawa mungosambira pamwamba ndi galasi la kumaso poona mbuna za m'miyala ya m'mphepete, osatsikanso pansi, ndipo munyamuke dzuwa litapendeka. Ngati mwabira Lamlungu, gonani kunyanja komweko, mudzakwere Khwekhwerere Lolemba.